Mbewu Yopanda Kamba

Kwathu timati chinaka. Ku Zambia amati chikanda. Ine ndinayenda masiku awiri pa lole, nditakhalira matumba opanda kanthu, osadziwa kuti ziwirizi n'chinthu chimodzi.

Amuna anga atamwalira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kapondo, kapitawo anadikira kuti anthu a pamaliro abalalike, kenako anadzaima pakhomo n'kunena kuti nyumbayo ikufuna tenanti wina. Zinali zaka zija matipate atangofika, aliyense akuimika zala m'mwamba galimoto ikamadutsa. Ine zanga zinali zitagwira mtolo wa mapoto. Ndinabwerera kumudzi kwa malemu amayi ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Rozi, amene anali atangoyamba kugweluka mano. Mng'ono wanga Filesi ndi amuna ake, a Jailosi, anatilandira bwino, koma nkhokwe yawo ndinaisuzumira ndekha. Sinali yoti n'kuwonjezerapo pakamwa pawiri.

Tsiku la msika pa Kamwendo ndinakumana ndi Mai Zulu, mayi wa ku Chipata wamagalasi akuda, amene ankayang'ana akazi kumsana osati kumaso.

"Nchito ni yokumba chabe," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Imwe mukumba chikanda, ine nigula. Muli na msana?"

"Msana ulipo. Chikandacho n'chiyani?"

"Muzachiona."

Ndinkaganiza kuti ndi miyala ija yowala imene amati anthu amalemera nayo ku Zambia. Rozi ndinamusiya akusewera fulaye pabwalo. Ndinamuuza kuti ndikupita kuchigayo.

Tinadutsa njira ya m'tchire kuseri kwa Kachebere, akazi asanu ndi mmodzi opanda pepala ndi mmodzi yemwe, lole ikutidikira tsidya linalo. Inatitsitsa kutali kwambiri, kupitirira Serenje, pa dambo lalikulu loti tsidya lake sunkaliona. M'mphepete munali misasa ya udzu. Kuzizira kwake! M'mawa udzu unkachita mbuu, zala osapindika. Anandipatsa chitsulo chosongoka chosula ku sipuling'i ya galimoto, n'kundiika pambuyo pa Bana Chanda, mayi wachiBemba wamfupi, wa dzino limodzi kutsogolo, amene anakumba madambo kuyambira ali mtsikana. Dzina langa sanavutike nalo. Ankangoti Malawi.

"Iwe Malawi, ona apa." Analoza kaphesi kouma pakati pa udzu, anabaya, anatembenuza dothi. Pansi panali timbatata tiwiri, kena kofota, kena kolimba.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pamatope. "Mayo ine! Ndasiya mwana kudzakumba chinaka?"

Pajatu kumusi kwa mudzi wathu kuli dambo la amayi, limene limakathera pa mitengo ya kumanda. Mvula ikakhazikika, dambolo linkachita maluwa oyera ndi ofiirira mbali zonse. Amayi ankatitenga ine ndi Filesi ndiwo zikasowa, tinkakumba todzaza kambale basi, n'kukasinja ndi nsinjiro ndi chidulo. Ankatiuza kuti tikazula, tibwezere dothi lake pomwepo ndi kulipondera ndi chidendene. Chifukwa chake sankanena, ifenso sitinkafunsa. Tsiku loyambalo ndinabwezera dothi monga mwa chizolowezi. Bana Chanda anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Na ine amai wanga anali kuchita so," anatero. "Manje ukachita so, thumba sizazula. Siya."

Ndinasiya. Tinkasiya dambo litagadabuzika ngati mwadutsa nguluwe.

Moyo wake unali wotere: mvula ikatha tili kudambo, miyendo m'madzi ozizira, misundu ikutiyamwa. Mvula ikayamba Mai Zulu ankatitengera kumpanda kwawo ku Lusaka, kukasankha, kusinja ndi kuphika chikandacho m'mapoto aakulu, n'kumakachigulitsa chodulidwa pa siteshoni ya mabasi. Anthu a matayi ankachigula ngati nyama. Lole ikamapita ku Chipata ndinkatumiza kangachepe kwa Filesi, nthawi zina shuga, nthawi zina nsalu. Chaka china ndinatumiza nsapato za Rozi. Ndinayeza ndi chikhatho phazi la mwana amene ndinamusiya pa fulaye, ndipo ndinadzamva kuti zinamuthina asanazivale.

Bana Chanda ndiye anali wanga. Tinkafunda bulangete limodzi, tinkachotsana minga kumapazi. Malungo atandigwira anandikumbira gawo langa masiku anayi, akutukwana m'ChiBemba kuti anthu a ku Malawi ndi ofewa ngati papaya wakupsa.

Cholakwa changa ndinachichita Lamulungu lina masana, tikuchapa. Anzanga anayamba kundiseka.

"Kwanu kuli chani, Malawi? Fodya na njala chabe."

"Ndiye chifukwa mubwera kuzadya kwa ise!"

Magazi anandikwera. "Inu mumatcha chikanda timanyi ta mbuzi iti? Kwathu chinaka n'chachikulu ngati nkhonya ya mwana. Timachiponda popita kumadzi, sitichigulitsa n'komwe."

Onse anaseka, kupatula Mai Zulu. Iwo anali atakhala pa thumba akusenda lalanje. Anavula magalasi aja. Aka kanali koyamba kuona maso awo, ang'onoang'ono, odekha.

"Ni mudzi uti uja, amai?"

Ndinatchula. Ndinanenanso pokhotera, pa mjigo, ndi dzina la mng'ono wanga. Ndinkangofuna kuti andikhulupirire.

Chaka chachitatu lole inadutsa pa dambo loyamba lija. Ndinapempha kutsika kukataya madzi, ndinayenda ndithu m'katimo ndikuyang'ana pansi. Udzu unali utabwerera, wamtali bwino. Koma panalibe kaphesi ka chikanda ndi kamodzi komwe. Dambo lachiwiri chimodzimodzi. Chaka chilichonse tinkapita patsogolo, ndipo kumbuyo kwathu kunkatsala udzu wokhawokha.

"Chimabwerera liti?" ndinafunsa Bana Chanda.

"Kumene nakumba nili mtsikana sichinabwerere. Manje nili na adzukulu."

Anthu pamsasa sankakonda nkhani imeneyi. Ena ankati eni dziko akwiya. Ena ankati alipo amene akutitsatira ndi mankhwala. Ndiye mungamvetse zimene zinachitika tsiku limene chitsulo changa chinakola kachingwe.

Tinali pa dambo latsopano. Ndinakoka kachingweko, ndipo m'dothi munatuluka kansalu kopyapyala kopindidwa, kosokedwa mbali zonse, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndinakuwa. Anzanga anathamanga, anaona, anabwerera m'mbuyo. Chithumwa! Titayang'anitsitsa tinaona tizikhomo tina m'udzu, tondondozana, kalikonse ndi kachingwe kake, kalikonse pafupi ndi phesi la chikanda. Sabata imeneyo miyendo ya Bana Chanda inali itatupa. Panalibenso chofunsa. Tinazula tonse ndi ndodo, osakhudza ndi manja, tinaunjika pa chulu n'kuyatsa, wina akuyimba nyimbo ya kutchalitchi. Kansalu kamodzi kokha Bana Chanda anakabisa m'chitini, ati akaonetse sing'anga.

Patapita masiku atatu panafika galimoto yoyera. Munatuluka mtsikana wovala majombo, wa kusukulu yaikulu ya ku Lusaka. Anapita molunjika pamene panali tizikhomo, anazungulirazungulira, kenako anaona phulusa pa chulu. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Mfiti silira choncho. Bana Chanda anapita kukatenga chitini chija.

"Ivi ni vako?"

Mtsikanayo anapukuta maso, anasomola ulusi mosamala, anatulutsa galasi lokulitsa zinthu m'thumba. "Bwerani muone, amai. Musaope."

Ndinayamba ndine. M'kansalumo munali fumbi lofiirira, ndipo pakati pa fumbilo panali tinthu toyera totupa ngati mazira a nsabwe. Kuchokera m'dothi lomatirira kunja, ulusi woyera wochepa kuposa wa kangaude unali utalowa m'nsalu n'kukulunga tinthuto.

"Fumbili ndi mbewu ya chikanda," anatero. "Imachokera m'timakoko totsala duwa likauma."

"Chinaka chilibe mbewu," ndinatsutsa. "Chimangomera."

"Ili nayo. Mwaigwedeza ndi miyendo zaka zonsezi."

"Ngati ndi mbewu, bwanji osaifesa? Ya fodya nayonso ndi fumbi, koma ife timaithira m'keni yothirira n'kumeretsa."

Anandiyang'ana mokondwa ngati wapeza mnzake. Anati chimanga chikagwa m'nthaka chimakhala chitanyamula kamba wake, ufa umene timadya uja. Ngakhale njere ya fodya, kuchepa konse kuja, ili ndi kakamba kake. Koma iyi imachoka kwa amake chimanjamanja. Ikagwa imangogona, kudikira. M'dothi la dambo muli bowa wina wosaphuka pamwamba, amene amangoyenda pansi ngati ulusi. Ulusiwo ukaipeza njereyo umalowa m'kati, ndipo njereyo imadya kuchokera kwa iwo. Imatupa mumdima, nthawi zina chaka, nthawi zina kuposa, tsamba lisanaoneke. Ulusi ukapanda kufika, njere imafa ili chigonere.

"So ni mwana woyamwa bere la eni," anatero Bana Chanda.

"Eya. Ndipo si bere lililonse. Bowa wa ndiwo sangathandize. Wake amapezeka kwambiri pamene pali chikanda chakale, m'dothi lozungulira mizu. Dothilo mukalitembenuza n'kuuma ndi dzuwa, kapena likapsa, ulusi umafa. Ndiye ngakhale mphepo ibweretse mbewu, palibe woilandira."

Ndinaona chidendene cha amayi chikupondera dothi. 

Mtsikanayo sitinamuonenso. Mai Zulu atamva anangoti asukulu amadya mapepala, ife tikumbe.

Kumapeto kwa nyengo yomweyo lole inabwera kuchokera ku Chipata ndi matumba oti tisankhe. Ndinagwira limodzi, manja anaima. Linali thumba la feteleza la ku Malawi, lomangidwa ndi luzi, mfundo yake yopinda kawiri n'kubisa nsonga pansi. Mfundo imeneyo tinaphunzitsidwa anthu awiri pa dziko lino. Nditamasula munatuluka chinaka chachikulu ngati nkhonya ya mwana.

"Simunaname, amai," anatero Mai Zulu kumbuyo kwanga. "Mng'ono wanu ni wochenjera. Ni chaka chachitatu manje anisonkhanitsira."

M'mawa mwake ndinauza Bana Chanda kuti ndikupita kwathu. Sanandiletse. Tinapita kumapeto kwa dambo kumene zitsulo zinali zisanafike. Tinathyola timakoko touma n'kugwedezera fumbi lake m'kabotolo ka mafuta odzola. Kenako tinadula dothi lozungulira mapesi akale, m'zigawo ngati njerwa, osaligwedeza, n'kuliyala m'beseni langa losambira, pamwamba chiguduli chonyowa.

"Anzako apita na wailesi, iwe upita na dothi," anaseka, koma dzino lake lija linkanjenjemera. "Uzinyowetsa. Usalole dzuwa. Yenda, Malawi."

Njira yonse ndinkapempha madzi, anthu n'kumaganiza kuti ndi akumwa. Kondakitala wina anafuna kuliponya pamwamba pa basi, ndinalikumbatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Kuseri kwa Kachebere ndinadutsa nalo pamutu, khosi likulira.

Mudzi ndinaupeza wosintha. Nyumba ya Filesi inali ya malata. Pakhonde panali sikelo yopachika, ndi zitsulo zosongoka zisanu zotsamira khoma, zosula ku sipuling'i ya galimoto. Filesi anali atanenepa, anandikumbatira akulira.

"Akulu, mwatitsegula maso! Tinkaponda chuma popita kumadzi!"

Pakhomo panaima mtsikana wamtali, mawere atayamba. Anandigwadira monga amagwadira mlendo. Filesi ndiye ankamuti amama. Atadzuka anayang'ana beseni lija.

"Ufa wa kuchigayo uja ndi umenewu?"

Palibe amene anaseka.

Kudambo ndinapita ndekha. Kuyambira pachitsime mpaka kufupi ndi mitengo ya kumanda, linali logadabuzika, zibuma zouma gwa, zoyera ndi dzuwa. Ndinalizindikira. Linali ngati onse amene ndinawasiya kumbuyo kwanga.

Ndinasankha malo a chinyontho m'mphepete, ndinakumba pang'ono, n'kuyala zigawo za dothi lija moyandikana, zidakali zonyowa. Ndinawaza theka la fumbi la m'kabotolo, n'kuphimba ndi udzu wouma. M'mawa ndi madzulo ndinkathirira. A Jailosi anandipeza tsiku lina ndili ndi keni. Anali munthu wofatsa, ndipo kuyambira tsiku limene ndinabwera kuchokera kudambo maso ali ofiira, sankandiyang'ana kumaso.

"Alamu, mukupanga chiyani apa?"

"Nazale."

"Ya fodya?"

"Ya chinaka. Mbewu yake ndi fumbi ngati ya fodya."

Anagwedeza mutu, anayang'ana bedi la nazalelo nthawi yaitali, anapita. Ndikanawonjezera mawu awiri okha. Koma ndinali nditawakwiyira, sindinkafuna kucheza nawo. Ndinaiwala kuti a Jailosi anakhala wa nazale pa esiteti zaka zambiri, ndipo m'mudzi monse akafuna mbande zabwino ankaitana iwo. Kwa munthu wa fodya, nazale siyamba ndi mbewu. Imayamba ndi moto. Umaunjika mapesi a chimanga pabedi mpaka m'chiuno, n'kuyatsa, kuti kutentha kulowe pansi kuphe chilichonse chamoyo m'dothimo. Ineyo ndinachita zimenezi zaka khumi ndi manja angawa.

Sabata yomweyo kunagwa maliro a azakhali athu ku Kachebere, ndinakagonako masiku awiri. Pobwerera masana ndinaona utsi wochepa kumusi kwa mudzi. Ndinataya mtolo n'kuthamanga.

A Jailosi anali ataima pambali pa bedi, thukuta lili chuchuchu, akusalaza phulusa ndi khasu. Anamwetulira koyamba chibwerere ine.

"Alamu, ndinaona kuti munaiwala kuwotcha. Mukanafesa chonchija, udzu ndi tizilombo zikanakudyerani zonse. Ndatuta mapesi ngolo ziwiri. Lapsa bwino mpaka pansi, mulibe chamoyo ndi chimodzi chomwe. Tinakulakwirani padamboli. Ndati nanenso ndithandizeko."

Ndinagwada, ndinalowetsa dzanja m'phulusa. Dothi la Bana Chanda linali lofiira ngati njerwa, lotentha mpaka m'chigongono. Ndinayang'ana nkhope yawo ikudikira kuthokozedwa.

"Zikomo alamu," ndinatero.

Mvula inabwera. Pabedipo ndinawazapo pang'ono fumbi lotsala, ndikudziwa kuti silimera. Panamera bonongwe wonenepa bwino.

Mwezi wa Januwale ndinkayenda m'dambomo tsiku ndi tsiku ngati munthu wotaya singano. Sindinaone duwa ndi limodzi lomwe. Tsiku lina ndinapitirira mpaka kumapeto, pamene zibuma zinathera. Okumba aja anali atasiya kadera kakang'ono, mapazi owerengeka mitengo ya kumanda isanayambe, chifukwa palibe mkazi amene amafuna kuonedwa ndi chitsulo pamenepo. Udzu unali wofika m'khosi. Ndinaupatula. Duwa linalipo, limodzi lokha, loyera, litaima njo ngati silikudziwa kanthu.

Ndinakhala pansi. Pansi pa duwa limenelo panali bere lomaliza la dambo la amayi.

Ndinang'amba pitikoti wanga wakale, wa nsalu yopyapyala, ndinadula tizidutswa, n'kusoka timapaketi ta fumbi lotsala m'kabotolo monga anachitira mtsikana wa majombo, kuti mvula isakokolole fumbi ndiponso ndizitha kuona ngati lagwira. Ndinakwirira mozungulira duwalo ndi chala, osatembenuza dothi. Duwa litauma ndinakolola fumbi lake, ndinadula phesi kuti pasaoneke chizindikiro. Chaka chotsatira ndinafukula kamodzi. Galasi ndinalibe, koma ndinakapenya padzuwa. Munali tinthu tiwiri toyera ngati mazira a nsabwe. Ndinakabwezera msanga, ndinapondera ndi chidendene.

Koma mudzi uli ndi maso. Anthu anayamba kuona kuti ndimachokera mbali ya kumanda mawondo ali matope. Chaka cha njala yaikulu chija, mwana wamng'ono wa Filesi anadwala, anatupa miyendo. Tsiku lina masana ndikuchokera kumunda ndinapeza Filesi atakhala pakhonde panga, dengu langa losokera lili pamiyendo pake. Pamphasa anali atayala timapaketi tinayi. A Jailosi anaima patali, Rozi kumbuyo kwawo.

"Akulu, n'chiyani ichi?"

Ndinayang'ana timapaketito.

Anang'amba kamodzi ndi mano, fumbi linauluka. "Dothi la kumanda ili? Mwana wanga akutupa m'nyumbamo. Ndinakulererani wanu zaka zonse zija. Ndiuzeni kuti si zimene anthu akunena, ndikhulupirira. Ndinu akulu anga. Ingonenani."

Ankalira, ndipo sankanama, akanandikhulupirira. Mawu anali okonzeka pakamwa panga. Koma ndinayang'ana manja ake, zikhadabo zakuda ndi dothi la madambo a eni, chifukwa tsopano ankayenda mpaka ku Kapondo kufuna chinaka. M'nyumba mwake munalibe ufa. Lole ya Mai Zulu inkaima pa Kamwendo tsiku lililonse la msika, ndipo mtengo unali utakwera chifukwa chosowa. Ndikananena, Filesi akanasunga chinsinsi sabata imodzi, mwina ziwiri. Kenako mwana akanalira ndi njala, ndipo iye akanatenga chitsulo. Ineyo ndikanakhala iye ndikanachitenga. Kambale kamodzi, chakudya cha tsiku limodzi, basi dambo latha mpaka kalekale. Pakamwa pomwepa ndi pamene panaitana lole ija poyamba.

"Ndilibe chonena," ndinatero.

Filesi anadzuka pang'onopang'ono, anakutumula nsalu yake. "Ndiye ana anga asadzadyenso pakhomo pano. Rozi, tiye."

Rozi anapita.

Mwana uja anachira chimanga chitacha, pakuti kunali kutupa kwa njala. Anthu anati wachira chifukwa ndagwidwa. Sanandimenye, sanandiwotchere nyumba. Anangosiya kundibwereka moto. Pamjigo ndikafika, akazi amapatuka kuti nditunge msanga ndichoke. Pamaliro amandipatsa mbale yangayanga. A Jailosi okha ndi amene amandipatsa moni, chapansipansi, akayang'ana kaye uku ndi uku. Nthawi zina ndimaganiza kuti anazindikira, chifukwa tsiku lina anandifunsa kuti, "Alamu, nazale ija ndinalakwitsa, eti?" Ndinati ayi, munawotcha bwino.

Rozi anakwatiwa kutsidya kwa msewu. Chaka chatha anabwera ndi mwana wake woyamba kumbuyo, anaima panjira, osalowa pabwalo.

"Amama," anatero. Kanali koyamba kunditchula choncho chipitire ine kuchigayo kuja. "Amuna anga akuti mwanayu musamugwire. Koma ine ndikuti mukangonena zimene mumakachita kuja, ndikumasulirani pompano mumunyamule."

Kamwanako kanasuzumira paphewa pake. Mphumi ya malemu amayi yeniyeni. Manja anga anadzuka okha.

"Apongozi ako amachita geni yanji, Rozi?"

"Amagula chinaka. Bwanji?"

Ndinabweza manja m'nsalu. "Wakula bwino. Uzimufunditsa, kukuzizira."

Anaima pang'ono, kenako anatembenuka. Ndinayang'ana kamutu kaja kakugwedera mpaka pokhotera pa mjigo.

Kumapeto kwa dambo kuja tsopano palibe amene amafikako. Ngakhale oweta ng'ombe amazungulira patali, amati m'pamene nkhalamba ija imakwirira zinthu zake. Ndikamva choncho sinditsutsa, mwinanso ndimadutsa dala pamene akuona, kansalu kali m'manja. Mvula yapitayi anatuluka maluwa asanu ndi awiri, ena oyera, limodzi lofiirira limene sindinaliyembekeze.

Miyendo yayamba kundikana, ndipo ndikudziwa kuti posachedwa adzandinyamula kudutsa pomwepo polowa nane m'mitengo. Ndimangopempha kuti kudzakhale chilimwe, maluwa atauma. Ndipo akadzandikwirira, apitirize kundiopa.